Zitumbuwa za amayi m'chaka cha kolera

Fungo la nthochi zopsetsa, zija makoko ake ada kale, limandibwezera pakhonde la nyumba yathu ku Namitete. Amayi ankazisenda kum'mawa, n'kuziponya mumtondo pamodzi ndi ufa wa mgaiwa ndi kamchere pang'ono, ndipo ine ndinkadzuka ndi kugunda kwa munsi. Kugunda kwake kunali kofewa, kosiyana ndi kwa chimanga chokonola, ngati munthu akuyenda m'matope. Linali dzinja, chimanga chitafika m'mapewa, anthu atayamba kuthyola fodya wa m'munsi n'kumamukoloweka m'zigafa. Ndinali ndi zaka khumi. Bambo anali ku esiteti ya fodya ku Kasungu, ndipo ankabwera kamodzi pachaka, fodya akagulitsidwa. Miyezi ina yonseyo, ine ndi ang'ono anga awiri tinkadya kuchokera m'beseni la zitumbuwa ndi m'ndowa ya thobwa ya amayi.

Zinali zaka zoyambirira za matipate, pamene aliyense anatulukira kumsewu ndi malonda ake. M'mbali mwa msewu wa ku Mchinji munali ziwaya za tchipisi, kanyenya wa mbuzi, mazira owiritsa, chinangwa chophika, ndi utsi wa makala umene unkakhala pansipansi mvula ikakhala pafupi. Minibasi ikaima, ogulitsa ankaithamangira, mabeseni ali m'mwamba, manja a okwera akutuluka m'mawindo. Kutsogolo kwa malonda onsewa kunkadutsa ngalande, ndipo m'dzinja inkadzaza madzi akuda, makoko a mango ovunda ndi majumbo. Ntchentche zobiriwira zinkanyamuka m'ngalandemo n'kutera pa chilichonse chimene mwini wake wayang'ana kumbali.

Amayi, amene anthu ankawatchula kuti aNambewe, ankakhala pansi pa mtengo wa kesha pafupi ndi siteji. Pambali pawo pankakhala aNachisale, mnzawo wa kumpingo, amenenso ankagulitsa thobwa. Awiriwa ankabwerekana chipande, ankayang'anirana malonda wina akachoka, ndipo Lamulungu ankakhala benchi limodzi. Amayi ankadziwika ndi ukhondo. Beseni lawo ankalivundikira ndi nsalu yoyera imene ankaichapa tsiku ndi tsiku, duku ankamanga mothina kuti tsitsi lisatuluke, ndipo zikhadabo zathu ankaziwenga ndi lezala Loweruka lililonse mpaka zala kuwawa. Ine ndikaweruka kusukulu ndinkapita molunjika kumsewu. Ntchito yanga inali yotsuka makapu a thobwa. Tinali ndi makapu anayi apulasitiki ndi kabeseni ka madzi, ndipo munthu akamwa ndinkaviika kapu m'kabesenimo, kuizunguza, n'kuivundikira pa mbale.

Kolera anafika chaka chatsopano chitangoyamba. Poyamba tinkangomva kuti kumudzi wakuti kwafa munthu, wadwala m'mawa, pofika madzulo wapita. Kenako kuchipatala anamanga matenti kunja kwa mpanda, ndipo tinkaona odwala akudutsa pa ngolo ndi pa njinga, maso atalowa mkati, milomo itauma. Maliro ake anali achilendo. Panalibe kugona pa siwa, panalibe kuphika, mtembo unkachoka kuchipatala molunjika kumanda. Kusukulu aphunzitsi analetsa kupatsana moni wa pamanja. Patapita masiku, galimoto ya chimkuzamawu inadutsa pamsewu ikulengeza kuti kugulitsa zakudya zophikaphika kwaletsedwa mpaka matendawa atatha. Ogulitsa anamvetsera, galimoto itapita anabwerera ku ziwaya zawo. Palibe amene akanasiya. Inali miyezi imene nkhokwe zimakhala zopanda kanthu.

Tsiku lina masana anabwera mayi Kachere, mlangizi wa zaumoyo, atatsagana ndi wapolisi mmodzi ndi akuluakulu a msika. Anali mayi wamfupi, wa yunifolomu yabuluu, wosakweza mawu. Anayambira kumtunda kwa siteji, akutaya zonse zimene apeza. Anyamata a tchipisi anathawa ndi ziwaya zawo mafuta akutayikira m'njira. ANachisale anasenza ndowa yawo n'kulowa m'chimanga. Amayi sanasunthe. Anakhala pampando wawo, manja ali pamiyendo, akuyang'ana ndowa yawo ya thobwa ikupendekedwa m'ngalande. Thobwa linayenda pamwamba pa madzi akuda aja, lofiirira, likununkhira chimera. Zitumbuwa nazo anazikhuthulira momwemo.

Pamenepo amayi anaimirira.

"Mwataya. Tsopano ndionetseni pamene pali uve pamalo panga pano."

Mayi Kachere anayang'ana nsalu yoyera ija, anayang'ana duku, kenako analoza kabeseni kamene kanali pamapazi panga.

"Madzi awa munathira nthawi yanji, mayi?"

"M'mawa."

"Kuyambira m'mawa adutsamo makapu angati? Mwa amene amwa lero, mukudziwa ndani wachokera kunyumba kumene kuli wodwala?"

Ndinayang'ana m'kabesenimo ngati ndikukaona koyamba. Madzi ake anali otuwa, pansi patakhazikika misere ya thobwa, pamwamba pakuyandama ntchentche yakufa. Manja anga anali adakali onyowa ndi madzi omwewo. Amayi anatola beseni lopanda kanthu, ndowa ndi mpando, ine ndinatola makapu, tinadutsa pakati pa anthu amene anasonkhana kudzaonerera. Ndinkayembekezera kukalipiridwa kunyumba, koma sanandinene chilichonse. Anatenga makapu anayi aja n'kuwaponya m'dzenje la zinyalala.

M'mawa mwake anavala chitenje cha kutchalitchi napita ku ofesi ya azaumoyo. Anauzidwa kuti mayi Kachere apita kumidzi. Anakhala pabenchi panja mpaka dzuwa kupendeka, nabwerera. Tsiku lachiwiri anapitanso, ndipo mlonda anawauza kuti lamulo ndi lamulo, asadzivutitse. Anakhalabe pabenchi pomwepo, mvula ikuwawaza m'miyendo. Kunyumba tinkadya maungu anthete ndi nkhwani. Anansi ankati aNambewe akufuna kukamenyana ndi boma chifukwa cha ndowa imodzi ya thobwa. Tsiku lachitatu anawapeza mayi Kachere. Zimene anakambirana amayi anadzatiuza mwachidule pobwera. Iwo anati sanapite kukapempha chifundo, koma kuti auzidwe chimene chimapatsira matendawa, chimodzichimodzi, chifukwa kusiya kugulitsa sakanasiya. Mayi Kachere anati thobwa ayiwale. Koma chinthu chochoka m'mafuta owira n'kulowa m'manja mwa wogula chisanazizire, chosakhudzidwa ndi dzanja, iwo sakanalimbana nacho. Anawonjeza kuti azibwera osanena tsiku, ndipo akadzapeza cholakwika chimodzi adzatayanso zonse. Amayi anabwera ndi kabotolo ka klorini atakakulunga m'chitenje.

Kuyambira pamenepo ntchito inakula kawiri. Madzi a pachitsime cha kudambo, chimene ogulitsa onse ankatungapo chifukwa chinali pafupi, amayi anawasiya. Tinkapita kumjigo wa kusukulu, kutali, kumene mzere wa ndowa unkafika mpaka kumpanda. Anasiyanso kukazingira kunyumba. Ankasenza mbaula, makala, chiwaya ndi phala la zitumbuwa m'ndowa yotseka, n'kumakazingira pamsewu pomwepo, pang'onopang'ono, molingana ndi ogula. Panthambi ya kesha anapachika chigubu chimene anachiboola ndi msomali kumunsi, n'kutsekapo ndi kamtengo, ndipo pambali pake panalendewera kasopo pa chingwe. Zitumbuwa ankazitola ndi foloko. Ndalama sankazigwira, inali ntchito yanga, ndipo ine ndinaletsedwa kuyandikiza dzanja ku chiwaya. Mvula ikamagwa ndinkagwira ambulera pamwamba pa moto, utsi ukundilowa m'maso, madontho akuthetheka m'mafuta.

Wogula aliyense woima pansi, osati wa m'minibasi, ankayenera kuyamba wasamba m'manja pachigubu. Ena ankaseka n'kusamba. Ena ankanyanyala. Ndikukumbukira bambo wina wa tayi, wotsika m'galimoto yakeyake, amene anati manja ake ndi oyera kuposa chigubucho. Amayi anabwezera chitumbuwa m'chiwaya, nati, "Ndiye kaguleni kwina, bambo." Anapitadi, ndipo ine ndinatsala ndikuyang'ana galimoto ija ikupita ndi ndalama imene tinkaifuna kwambiri. Mayi Kachere anabwera kawiri pa njinga yawo. Ananunkhiza madzi a m'chigubu, anatsegula ndowa, anayang'ana zikhadabo zanga, n'kupita osataya kanthu.

Ogulitsa ena sanasiye malonda, anangosamuka. Anapita kuseri kwa chigayo, kumene galimoto ya azaumoyo sinkafika, ndipo aliyense wa pa Namitete ankadziwa njira yake. ANachisale ankagulitsa thobwa kumeneko, m'chigubu chofunditsidwa chiguduli. Anali ndi ana anayi ang'onoang'ono ndi mwamuna wodwaladwala, ndipo nthawi yokaima pamzere wa kumjigo analibe. Choncho pamsewu wonse, amene ankaoneka akugulitsa chakudya poyera anali amayi okha. Anzawo aja anawapatsa dzina, ankati adokotala a zitumbuwa. Ena ankati anapereka kenakake ku ofesi. Amayi ankamva zonsezi akutembenuza zitumbuwa, osadzutsa mutu.

Ndiye anadwala Yonasi. Yonasi anali woitanira minibasi, mnyamata wa mawu aakulu amene ankamveka mpaka kusukulu akamakuwa za ku Mchinji. Lachisanu madzulo anagwa pasiteji, ndipo anamutengera kumatenti pa njinga, wina akupalasa wina atamugwira kumbuyo. Loweruka m'mawa, msika utadzaza, ndinaona gulu la anthu likubwera kumtengo wathu. Patsogolo panali mkulu wake wa Yonasi, aLekisoni, amene ankakhoma zidebe kumsika. Maso awo anali ofiira. Kumbuyo kwawo kunali oitanira anzake a Yonasi, amayi ena a kumsika, ndi ana ambirimbiri.

"Mng'ono wanga anadya pano dzulo," anatero aLekisoni. "Anthu anamuona. Pamsewu ponse pano wogulitsa chakudya ndinu nokha. Mwatipatsa chiyani, mayi inu?"

Zinali zoona kuti anadya. Ndinalandira ndekha ndalama yake ya zitumbuwa ziwiri. Koma ndinkadziwanso, monga ankadziwira theka la anthu amene anaima pamenepo, kuti masana alionse Yonasi ankazembera kuseri kwa chigayo n'kubwerako akupukuta pakamwa. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene. Amayi anandiponda chala cha kuphazi mwamphamvu mpaka misozi inalengeza. Ndinatseka.

Wina kumbuyo anakuwa kuti agubuduze chiwayacho. ALekisoni anasendera, ndipo amayi anaima pakati pa iwo ndi mbaula. Anali aafupi powayerekeza ndi bamboyo, koma sanabwerere m'mbuyo ngakhale phazi limodzi.

"Mafutawa ndi owira, aLekisoni. Mukagubuduza, apse ndi ana aima apawa."

Anthu anakokera ana awo m'mbuyo. Amayi anatembenuka, anatsegula kamtengo ka pachigubu, nasamba m'manja ndi sopo mosafulumira, chala chilichonse pachokha, gulu lonse likuyang'ana. Anandiuza kuti nanenso ndisambe. Kenako anabaya chitumbuwa chimodzi ndi foloko, anachiuzira, anachinyema pakati. Theka anaika m'kamwa mwawo. Theka linalo anandipatsa.

"Esinati, idya."

Chinali chotentha, chinandiwotcha lilime. Ndinatafuna pang'onopang'ono dala, maso anga ali pa aLekisoni, mtima wanga utadzaza ndi kunyada kumene sindinakumveponso chiyambire. Amayi anameza, anatenga china, ananyemanso, tinadyanso. Pamalopo pankangomveka mafuta akuthetheka.

"Uyu ndi mwana wanga woyamba," anatero amayi. "Mukudziwa kumene timakhala. Mubwere mawa mudzamuone. Mubwerenso mkuja."

ALekisoni anandiyang'ana kwa nthawi. Ndinazindikira kuti bambo wamkuluyo ali pafupi kulira. "Akafa, tibweranso," anatero, koma mawu awo anali atatsika. Minibasi ya ku Lilongwe inaima, oitanira anaithamangira, ndipo gulu linayamba kuphwasuka.

Anthu atangotha, amayi anaphula chiwaya, anazimitsa makala ndi madzi, nasiya katundu kwa mayi wogulitsa tomato. Anandigwira dzanja, tinalowera njira ya kuchigayo. Injini inkalira, fumbi la ufa litayeretsa udzu wonse wa kuseriko. Pansi panali matope osakanikirana ndi gaga wowawasa, nkhumba ya wina ikufukula pafupi ndi pamene anyamata ankasenda mbatata. ANachisale anakhala pa njerwa, chigubu chili pakati pa miyendo yawo, kapu imodzi ili m'kabeseni. Nkhani anali ataimva kale. Atationa, anaphimba chigubu ndi chitenje.

"Mwabwera kudzandigwiritsa, eti?"

"Ndikanafuna ndikanakutchulani pagulu paja," anatero amayi. "Madzi a thobwali mwatunga kuti?"

ANachisale anapanikiza chigubu ndi miyendo.

"Tayani, anzanga. Mawa mubwere ndi nthochi kumtengo kuja, tizikazinga limodzi. Mbaula ndi yomweyo."

"Ana anga adya chiyani lero? Chimera ndi shuga zalowa umu mukuzidziwa inu?"

"Ndikuzidziwa. Zanga zinapita m'ngalande. Tayani, kapena nditaya ndine."

ANachisale anagwira chigubu ndi manja awiri. Amayi anawerama, anawachotsa zala chimodzichimodzi, napendeketsa chigubucho. Thobwa linakhuthukira m'matope, nkhumba ija inathamangira. Anyamata a tchipisi anaima chilili, mipeni ili m'manja. ANachisale sanalire. Anangoti, motsitsa, "Mwasanduka boma, aNambewe." Amayi anaimika chigubu chopanda kanthucho pamalo pake, tinabwerera.

Masiku atatu otsatira amayi anakhala munthu wovuta. Sanandilole kupita kukasewera. Kutchalitchi anandikhazika pambali pawo, osati kwa ana anzanga, ndipo pabenchi lathu malo a aNachisale anali opanda munthu. Ndikangonyamuka kulowera kuchimbudzi, ndinkawapeza ataima pakhomo la khitchini akundidikira. "Zili bwanji m'mimba?" Ndikati zili bwino, ankandigwira pachipumi, kundikoka chikope, kunditsina khungu la pamkono n'kuyang'ana mmene likubwererera. Zinanditopetsa. Ndinaganiza kuti akundilanga chifukwa ndinafuna kuyankhula pagulu paja. Pangodya ya chitenje chawo panali mfundo yaikulu imene sinalipo kale, ndipo ankaigwiragwira. ALekisoni sanabwere kudzandiona, koma ndinaona mkazi wawo akudutsa kawiri panjira ya kwathu, akuyenda pang'onopang'ono, ine ndikusesa pabwalo.

Lolemba amayi anapita kwa mayi Kachere kukanena za chitsime cha kudambo, osatchula dzina la munthu. Azaumoyo atapita anapeza kuti chimbudzi china cha kumtunda chinagwa ndi mvula, ndipo madzi ake ankatsikira komweko. Anatchinga chitsimecho ndi minga. Ogulitsa a kuseri kwa chigayo anadziwa amene wanena, ndipo kwa milungu ingapo palibe amene ankayankha moni wa amayi.

Yonasi sanafe. Anabwerera pasiteji patatha sabata ndi theka, buluku litamangidwa ndi chingwe, mawu atasasa. Ankadutsa kutali ndi mtengo wathu. Tsiku lina, chimanga chitayamba kukhwima, anangofika, nasamba m'manja pachigubu osauzidwa, nagula ziwiri, nadyera pomwepo atayang'ana kumsewu. Amayi anamupatsa monga ankapatsira wina aliyense. ALekisoni sanapepese, ndipo amayi sanayembekezere kuti apepese. Mvula itayamba kuchepa matenti anachotsedwa, ogulitsa anabwerera kumsewu, ndipo pa mitengo iwiri kapena itatu ndinaona zigubu zoboola zitapachikidwa, zina zopanda madzi. ANachisale sanabwererenso pansi pa kesha. Atakolola anasamukira ku Njewa kwa achibale awo. Iwo ndi amayi sanayankhulanenso mpaka pamene aNachisale anamwalira, ndipo amayi anapita kumaliro ako, nakhala kumbuyo.

Ndili mwana, nkhani imeneyi ndinkaifotokoza kwa anzanga ngati nkhani ya munthu wosaopa kanthu. Ndinkakhulupirira kuti theka la chitumbuwa lija linatsimikiza kuti amayi ndi osalakwa, ndipo kuti aNachisale anali munthu woipa amene analandira zomuyenera. Lero ndikudziwa kuti kudya kuja sikunatsimikize chilichonse. Kunangoziziritsa gulu la anthu amantha. Chimene chinatiteteza chinali mafuta owira, mzere wautali wa kumjigo, ndi manyazi a tsiku lija la kabeseni, amene amayi anawameza m'malo mowakana. Ndikudziwanso kuti aNachisale ankachita zomwezo zimene ine ndinkachita ndi manja anga masabata ochepa m'mbuyo mwake, ndipo kuti kusiyana kwawo ndi amayi kunali kwakuti kwathu kunali mwana wamkulu wothandiza kutunga madzi.

Za mfundo ya pachitenje ndinadzafunsa nditabereka mwana wanga woyamba. Amayi anali atakalamba, akusenda nthochi zomwezo pakhonde. Anati munali mchere ndi shuga, zoti akangoona ndatsegula m'mimba asungunule m'madzi owiritsa tisanafike kumatenti. Anati njinga anali atabwereka kale kwa anansi, inali kuseri kwa nyumba masiku onse atatu. Ndinawafunsa ngati ankakayika zitumbuwa zawo. "Sindinkakayika," anatero. "Koma ndinali nditalakwitsapo kale kamodzi ndikuganiza kuti ndine waukhondo." Ndinayang'ana mwana wanga ali pamiyendo panga, ndipo sindinadziwe ngati ine ndikanatha kumupatsa theka lija anthu akuyang'ana. Amayi anandipatsa, ali ndi mantha onsewo, ndipo masana a Lolemba lomwelo, atachoka ku ofesi ya azaumoyo, anasenza mbaula nakayatsa moto pansi pa kesha, pamene aliyense wodutsa akanawaona.